Madzi a Lachinayi

Linali Lachinayi lachitatu lotsatizana Badriya akuima m'mphepete mwa ngalande, khasu lili paphewa, kudikira madzi osabwera. Kumzikiti anali ataitana kale swala ya masana, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mpaka kulowa kwa dzuwa madzi ankayenera kukhala a iye ndi amuna ake, a Metwalli. Zinkakhala choncho Lachinayi lililonse chikwatiwireni. Koma pansi pa ngalandeyo panali matope ong'aluka ngati zidendene, ndi chule mmodzi wouma gwa.

Munda wawo unali kumchira kwenikweni kwa ngalande, kudera la Fayoum, kumwera kwa Cairo: mitengo ya mango makumi anayi, mizere ya mphesa, magwafa m'malire, ndi ndime ya tomato, therere ndi denje. Kupitirira pawo kunali kamunda kamodzi kokha, ka chimanga, ka a Girgis, mkulu wina amene maso ake anali atachita khungu. Kuseri kwa a Girgis kunali mchenga basi.

"Bambo a Gaber! Tabwerani mudzaone madzi anu aja."

A Metwalli anali pansi pa mtengo, akukonza dengu. Anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Abwera, amake Gaber. Ali m'njira."

"M'njira? Akwera bulu wopunduka kapena? Masabata atatu!"

"Mulungu ndi wamkulu."

"Ndikudziwa kuti ndi wamkulu. Koma amene waika pampu kumtundaku si Mulungu ayi, ndi Haji Desouki."

Asanatseke pakamwa, mango awiri osakhwima anagwa kumbuyo kwake, phu! phu! Badriya sanacheuke n'komwe. Anali atatopa kuwatola. Mudzi wonse unkadziwa kuti Haji Desouki wabzala mpunga chaka chimenecho, ndipo mpunga umamwa madzi ngati ngamira yochokera kuchipululu.

"Mupite lero lomwe. Mukawauze kuti Lachinayi si lawo."

A Metwalli anavomera, chifukwa kuvomera sikunkawavuta. Anasamba, anavala mkanjo woyera, kenako Badriya anawaona akutuluka m'munda atasenza dengu lija, lodzaza ndi mango akupsa bwino, osankhidwa.

"Amenewo akupita kuti?"

"Kodi munthu n'kupita kwa mnzake chimanjamanja?"

"Mukupita kukadandaula kapena kukafunsira mkazi?"

Anangoseka n'kumapita. Ndi mmene analili mwamunayo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Badriya anakhala akuona zokolola zikutuluka pageti: kwa mphunzitsi, kwa wometa tsitsi, kwa woyendetsa minibasi amene anangofunsa njira. Munthu akangoti "mphesa zanu zakongola", ndiye kuti wapita ndi phava.

A Metwalli anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula chivwende.

"Ndiye ati chiyani?"

"Akupereka moni. Ati udye chivwendechi."

"Za pampu ndikunena."

"Tinayamba ndi za bondo lawo. Likuwavuta zedi, amake Gaber, latupa chonchi. Kenako kunabwera tiyi. Ndiye pamaso pa ana awo ndikanayamba bwanji za madzi?"

Badriya analandira chivwendecho, anachiyang'ana, n'kukachiika pansi mosamala kwambiri, chifukwa akanapanda kutero chikanathera pamutu pa munthu.

Loweruka m'mamawa anadziphimba mpango wakuda n'kupita yekha. Anapeza mpunga wa Haji Desouki uli biriwiri, madzi ali thapsa, pampu ikungoti thu-thu-thu. Mwini wake anali pampando, mwendo atausanjika pa chidebe.

"Takulandirani, amake Gaber! Chivwende chija chinali bwanji?"

"Chinali ndi madzi ambiri, Haji. Ndinazindikira kuti ndi anga."

Haji anaseka mpaka kutsokomola. "Pakamwa panupa! Mukanakhala inu mwamuna, bwenzi mudzi uno tonse titasamuka. Tiyeni ndikuonetseni chinthu."

Anatsogola akutsimphina mpaka pamsewu. Pamenepo ngalande inkadutsa pansi pa msewu m'chipaipi cha simenti, chachikulu moti munthu akhoza kulowamo chokwawa. Kumtunda kwa msewu madzi anali atadzaza mpaka m'milomo, koma sankaoneka, chifukwa namasupuni anali atayala ngati mphasa, wosakanikirana ndi mabotolo ndi majumbo. Kumunsi kwa msewu kunkangodontha timadzi tosakwana kumwetsa mbuzi.

"Mwaona? Ngakhale nditazimitsa pampu yanga mwezi wathunthu, madzi adutsa pati?"

Badriya anayang'ana uku, anayang'ana uko. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti munthuyo ankanena zoona, ngakhale si zoona zonse.

"Nanga makina okumba aja anatilonjeza akuluakulu a zamadzi?"

"Akubwera. Chiyambire nyengo yozizira akubwera." Haji anatsamira ndodo yake. "Tipangane. Inu tsegulani paipiyi, ine Lachinayi akangoitana swala ya masana ndizimitsa pampu. Ndalumbira pamaso pa Mulungu."

"Titsegule ife? Inu ngalande si yanu?"

"Anga madzi akundipeza, mayi. Komanso bondo."

Pobwerera Badriya anawerenga anthu m'mutu mwake. Ntchitoyo inkafuna manja a anthu khumi. Mwana wawo Gaber anali ku Libya, akumanga nyumba za eni. Anyamata a m'mudzimo amene sanapite kutauni anali kokolola mphesa m'minda ikuluikulu. Kumunsi kwa msewu kunali mabanja awiri okha: iwo ndi a Girgis. Ndiye kuti iye, mwamuna woseka ndi aliyense, ndi nkhalamba yosaona.

Atafika kunyumba anapeza a Metwalli ali pafoni, nkhope ikuwala.

"Bwerani, mlongo wanga, bwerani nonse! Mango apsa, akungodikira inu."

Badriya anakhala pansi pomwepo, pakhomo. Ameneyo anali Ehsan, mlongo wa a Metwalli wa ku Cairo. M'nyengo yozizira, nthawi yofukula ngalande ndi kuthira manyowa, foni yake inkakhala yowonongeka. Mango akangoyamba kufiira, inkachira yokha.

Anafika Lachitatu masana, anthu khumi ndi mmodzi m'minibasi yaganyu: Ehsan, amuna ake a Raafat, ana awo aamuna atatu a ndevu zawo, akazi a awiri mwa iwo, ndi tiana. Padenga panali madengu ndi makatoni opanda kanthu, omangidwa bwinobwino ndi chingwe.

Badriya anapha abakha awiri. Anaphika denje, mpunga, anaotcha buledi mu uvuni mpaka nkhope yake inapsa, anatulutsa tchizi cha mkaka wa njati yawo yoweta chimene ankasungira Gaber. Zonse zinatha psiti. Atakhuta, a Raafat, amene anali kalaliki wamkulu pa ofesi ina ndipo ankavala buluku loyera ngakhale kumudzi, anayamba kuphunzitsa.

"Vuto lanu alimi n'lakuti simuwerenga. Kunja anzanu anasiya kale zamangalandezi. Amaika timapaipi, mtengo uliwonse kadontho kake, kadontho kake."

"Kadonthoko kachokera kuti, alamu?" anafunsa Badriya akuchotsa mbale.

"Ndi nkhani ya dongosolo basi."

"Zoonadi, zoonadi," anatero a Metwalli akuwathirira tiyi.

Ehsan anatola limodzi mwa mango a m'mbale, analitembenuza, n'kukwinya mphuno. "Koma chaka chino achepa thupi, alamu. Simukuwasamala ngati kale. Nthawi ya bambo athu, limodzi linkadzaza manja awiri."

Badriya anapita kukhitchini, anatsuka mbale imodzi katatu, ndipo pamene ankaipukuta anali atadziwa chochita.

Lachinayi m'mamawa, atamwa tiyi, alendo ananyamula madengu awo kulowera kumunda, tiana tikuthamanga patsogolo. Anapeza geti litamangidwa ndi tcheni cha njati, loko ali lende. Patsogolo pake panali mulu wa makasu, zikwakwa, mafoloko ndi zingwe, ndipo pambali pa muluwo panaima Badriya, manja m'chiuno.

"Mango amene mwadzerawa akufa ndi ludzu. Lero ndi tsiku lathu la madzi, koma paipi yapamsewu yatsekeka. Ikatseguka, geti ilinso litseguka."

Mmodzi wa anyamatawo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anasiya.

"Amake Gaber," ananong'ona a Metwalli, thukuta lili kamukamu, "awa ndi alendo."

"Alendo? Zaka makumi awiri akudya za m'munda uno, akadali alendo?"

Ehsan anaponya dengu pansi. "Mwaiwala kodi, alamu? Mitengo imeneyo anabzala ndi bambo anga. Inu munaipeza. Gawo langa lilimo m'menemo."

"Eya, mwanena bwino. Ndi mitengo yanunso, ndipo ikufa. Chikwakwa ndi ichi."

Kenako Ehsan anavula zibangili zake, anapatsira mpongozi wake, n'kutenga chikwakwacho mochita kutsomphola.

"Mukuganiza kuti ndinaiwala? Ine ndinabadwira pa ngalande imeneyi. Inu anyamata, mukuyang'ana chiyani? Tolani makasu!"

Ntchito inali yonyansa kuposa mmene Badriya ankaganizira. Namasupuni ankabwera ndi mizu yaitali yakuda, yolemera ngati nsalu yonyowa. Pansi pake panatuluka matayala, chitseko cha firiji, nsapato zosafanana, ndi galu wakufa amene anathawitsa akazi a anyamata aja mpaka kuseri kwa msewu. Anyamatawo ankadandaula za matuza, za fungo, za nkhono zoyambitsa likodzo, koma amayi awo anali m'madzi mpaka m'mawondo, diresi atalikwinyira m'chiuno, akudula ndi kuponya kumtunda ngati sanachokepo pamudzi. Badriya, ali pambali pake, anachita kudabwa.

"Dzanja mukadali nalo, alamu."

"Khalani chete, ndisanakuduleni chala."

A Raafat okha ndiwo sanagwire kanthu. Anaima pamwamba pa msewu atafunda ambulera, akuloza ndi nyuzipepala yopinda. "Yambirani kumanzere! Ayi, kumanzere kwanga! Dongosolo, anthu inu!" Haji Desouki anabweretsa mpando wake kudzaonerera, n'kumauza aliyense wodutsa kuti anthu a ku Cairo abwera kudzaphunzira ntchito.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, kukamwa kwa paipi kunayera, koma madzi sanadutsebe. Mmodzi wa anyamata anasuzumira chakumunsi ndi tochi ya pafoni.

"Muli matiresi, azakhali. Pakati penipeni. Yapindika, yatseka ponseponse."

Anayesa kuibaya ndi nsungwi, osatheka. Anaponya chingwe chokhala ndi ngowe yachitsulo, ngoweyo osakola. Badriya anayang'ana mthunzi wa mtengo wa kanjedza, n'kuona kuti swala yayandikira. Atacheuka anaona a Metwalli akuvula mkanjo, n'kutsala ndi kabudula ndi kachipewa kawo.

"Mukutani?"

"Ndikakoletsa ngoweyi ndi manja. Ndikatuluka, mukoke."

"Simulowamo! Kuseri kwa matiresiyo kuli madzi a masabata atatu. Bambo a Gaber, ndikulankhula ndi inu!"

"Ndamva, amake Gaber," anatero mofatsa monga mwa masiku onse, ndipo monga mwa masiku onse anachita zimene ankafuna. Anagwada, ngowe ili m'manja, n'kukwawira mumdimamo mpaka zidendene zinasowa.

Onse anagwira chingwe, kudikira. Chingwe chinagwedezeka kamodzi, kawiri. Ndiye kuti ankakoletsa. Koma a Raafat, ali pamwamba paja, anaona kugwedezekako n'kukuwa ndi mawu onse:

"Yakola! Kokani! Kokani!"

"Ayi! Sanatuluke!"

Mawu a Badriya anachedwa. Anyamata atatu anali atakoka kale ndi mphamvu zawo zonse. M'paipimo munamveka kulira ngati kwa ng'ombe, kenako khuvuu! Kunatuluka matope akuda, mabotolo, matiresi, ndi a Metwalli, zonse pamodzi, n'kukagwera m'ngalande chagada. Madzi anawapitirira pamwamba.

Badriya sanadziwe kuti analumpha nthawi yanji. Anangopezeka ali m'madzi, atagwira mwamuna wake m'khwapa, Ehsan atagwira mwendo, akumukokera kumtunda. Anamugoneka chammbali. Nkhope yonse inali matope, maso otseka, pamphumi pakutuluka magazi.

"Metwalli! Metwalli!" Chikwatiwireni anali asanawatchulepo dzina pagulu.

Anatsokomola, analavula madzi akuda, anatsokomolanso. Kenako anatsegula diso limodzi n'kudzigwira pamutu.

"Kachipewa kanga kapita kuti?"

Badriya anakhala pansi m'matopemo. "Kachipewa! Mukanafa ine ndikanamuuza chiyani Gaber? Kuti bambo ako anaphedwa ndi matiresi? Munthu wamkulu, imvi mbuu, kukwawa m'paipi ngati khoswe!" Ankakalipa uku akuwapukuta magazi ndi mpango wake.

"Mwaonatu," anatero a Raafat akutsika mosamala kuti buluku lisade, "chimangofunika ndi munthu wolamula pa nthawi yake."

Ehsan ndiye anawayankha, ndipo zimene ananena zinachititsa apongozi ake kutseka tiana makutu.

Chapomwepo kumzikiti anaitana swala. Haji Desouki anadzuka pampando, anatsimphina kupita kumunda kwake, ndipo posakhalitsa thu-thu-thu uja analeka. Madzi anadzaza paipi yonse.

Badriya anamanga a Metwalli pamphumi, anawauza kuti apite kunyumba akagone, iye n'kutsalira kuti achotse zinyalala zotsala pakamwa pa paipi. Atamaliza anatsatira ngalande, akuona mmene madzi ankathamangira, atasenza masamba ouma, matope akuwamwa mochita kulira. Kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonse anamva phewa lake likumasuka. Anatsegula geti, anapatsa Ehsan tcheni, n'kuthamangira pamene madzi amapatukira m'munda mwawo.

Anapeza potulukira pawo patatsekedwa ndi chibuma. Madzi ankangodutsa, ulendo kwa a Girgis. Pambali panaima a Metwalli, bandeji kumutu, khasu m'manja.

"Ola limodzi lokha, amake Gaber."

"Ola limodzi la chiyani?"

"Tsiku lawo ndi Lolemba. Chimanga chawo sichifika Lolemba."

"Nanga tomato wanga afika? Ndatukwanitsa dzina langa kwa abale anu, ndagwira galu wakufa ndi manja awa, inu mwatsala pang'ono kufa, kuti madzi apite kwa eni?"

Anawalanda khasu n'kulikweza kuti agumule chibumacho. Ali chikwezere anayang'ana kutsidya kwa malire. Chimanga cha a Girgis chinali chitapinda masamba ngati ndudu. Mkuluyo anali atanjuta pamzere woyamba, dzanja ataliviika m'ngalande kuti amve mmene madzi akulowera, milomo ikuyenda. Atamva mawu anatembenukira kolakwika n'kukweza dzanja lonyowalo.

"Ndi amake Gaber amenewo? Ambuye akudalitseni, mwana wanga. Ndamva kuti ndinu mwatsegula."

Badriya anatsitsa khasu pang'onopang'ono.

"Thirirani msanga, bambo," anakuwa. Kenako anatembenukira kwa amuna ake, mano ali gwa. "Ola limodzi. Ndipo wotchi ndigwira ine."

Linakhala ola ndi theka, chifukwa mizere iwiri yomalizira sakanaisiya. Kenako anatsegulira m'munda mwawo, ndipo iye ndi Ehsan anathamanga ndi makasu kuchokera pamtengo kupita pamtengo, kutsegula apa, kutseka apo, kwinaku alendo ena ali m'mitengo kuthyola. Mango onse anamwa. Mphesa zinamwa. Madzi atangofika pa therere, dzuwa linalowa, ndipo kumtunda pampu inayambanso kulira. Tomato sanalawe ngakhale dontho.

Alendo ananyamuka Lachisanu itatha swala, madengu ndi makatoni ali tho, minibasi itachita kukhala pansi. Anyamata ankayenda ngati nkhalamba. Ehsan anapsompsona Badriya masaya onse awiri, n'kumuuza kukhutu kuti denje lake linachepa adyo.

Tomato anauma sabata yomweyo. Badriya anamuzula yekha, n'kukonza ndimeyo kuti adzabzalemo anyezi. Mango anasiya kugwa. Lachinayi lotsatira madzi anafika pa nthawi yake.

Madzulo a tsiku limenelo, akutsuka chidebe choti akakamire njati, anamva a Metwalli akuseka pafoni kuseri kwa nyumba. Anabwera akupukuta misozi.

"Anali Ehsan. Akuti alamu a Raafat afotokozera anzawo onse ku ofesi mmene anatsegulira ngalande yathu."

"Anatsegula iwo?"

"Ndi mmene akunenera. Ndiye anzawowo achita chidwi, akufuna adzaone malowo ndi maso awo. Komanso mphesa zapsa."

Badriya anaika chidebe pansi. "Anthu angati?"

"Si ambiri ayi. Minibasi imodzi yokha."

"Inu mwayankha chiyani?"

A Metwalli anayang'ana kumwamba, anayang'ana nkhunda padenga, anakanda pabala paja. "Ndati ndiyambe ndakufunsa. Ayimbanso pompano."

"Tabweretsani foniyo ndione."

Anampatsa. Badriya anaiponya m'thumba la diresi, anatola chidebe n'kulowa m'khola. Anakhala pa kampando, anatsamiritsa mutu pamimba pa njati n'kuyamba kukama. Foni inalira m'thumbamo mpaka inatopa, inaliranso, iye osasiya kukama. A Metwalli anaima pakhomo la khola, akusinthanitsa miyendo.

"Amake Gaber, mwina ndi nkhani ina yofunika."

"Gwirani mchira uwu, ukundimenya kumaso," anatero Badriya.

A Metwalli analowa n'kugwira mchirawo.